Dzina la Mayi pa Sedula ya Telma

Amayi, kodi kumene muliko kwacha bwanji?

Kuno ku Furancungo kwacha ndi nkhungu, ndipo mvula yomwe inayamba Lamulungu sinakatebe. Ndine Anastazia. Dzanja langa mukanalizindikira ngakhale simunkawerenga, paja munkati zilembo zanga zimayenda pamzere ngati nyerere zonyamula chakudya. Lino ndi dzinja lachiwiri chikuikireni m'manda, ndiye nkhani zaunjikana. Ndiyamba ndi zopepuka, popeza munkatiuza kuti mlendo sauzidwa za maliro asanamwe madzi.

Akazi a achimwene a Bonifasio anachira mvula itangoyamba, mwana wamwamuna. Anabadwira panjira, njinga yamoto isanafike ku chipatala cha ku Tsangano, koma onse ali bwino. Amutcha Tome. Mphumi ndi yanu yeniyeni, ndipo akamalira amakunga nkhope monga munkachitira inu mbuzi zikalowa m'dimba. Mchombo wake unachedwa kugwa. Ine ndinakhala sabata yonse ndikuimba telefoni m'mawa ndi madzulo, mpaka achimwene anandiuza kuti ngati ndikufuna kulera mwanayo ndibwere ndidzamutenge.

Nyemba zabereka bwino. Kachewere ndiye wavuta. Chiwawu chalowa m'munda wa kumtunda uja, masamba ada ngati mwadutsa moto, ndipo achimwene apopera kawiri osasintha kanthu. Akuti akakumba pansi, mbatata yake ikuoneka yabwino kunja, koma ukaidula mkati muli mawanga. Mapichesi anu a kuseri kwa nyumba anabereka mpaka nthambi ziwiri kuthyoka. Panalibe wothyola, anangowolera pansi. Khoma la kum'mawa la nyumba yanu lang'aluka kuchokera pawindo kufika pansi. Ndinawauza achimwene kuti alichirikize ndi mitengo, anavomera, koma ndikudziwa kuti sanachite.

Ine ndikuphunzitsabe pa sukulu yomwe ija, ndipo tsopano ndine amene ndimaona magiredi a ana onse asanapachikidwe pakhoma. Akuti anandisankha chifukwa ndimawerenga chinthu katatu. Tensau yanga, kuthamanga kwa magazi kuja, ikukwera ndi kutsika. Namwino akuti ndichepetse mchere ndi maganizo. Mchere ndachepetsa. Inu munkati ndinabadwa ndikuwerenga mitambo, anzanga akusewera padzuwa.

Tsopano madzi mwamwa, Amayi. Nkhani yomwe ndalembera kalatayi ndi ya Telma.

Mdzukulu wanu wakhoza mayeso a desima-segunda, kalasi yomaliza ya sekondale, ndipo wakhozanso mayeso olowera ku sukulu ya zaumoyo ku Tete. Dzina lake lili pa mndandanda. Akufuna kukhala wa mu labu, woyeza magazi. Mukanamuona tsiku lomwe anamva, akuthamanga m'matope opanda nsapato, mukanalulutira mpaka mawu kutha. Koma malo amenewa sadikira munthu. Akapanda kulembetsa pofika kumapeto kwa mwezi uno, amaperekedwa kwa wina. Ndipo ine, ndi ana atatu anga aja pakhomo, sindingathe kumulipirira sukulu, pogona ndi chakudya mumzinda. Ndayesa kuganiza mbali zonse, sizikutheka.

Njira ndi imodzi yokha. Boma limathandiza ana ena amene apeza malo ku sukulu zapamwamba koma kwawo kulibe kanthu. Thandizoli amalitcha bolsa. Opempha ndi ambiri, olandira ndi ochepa, ndipo amayamba kuona ana amasiye ndi ana a anthu osauka kwenikweni. Masiku ano supita ku ofesi kukapereka moni kwa munthu n'kufotokoza mavuto ako. Umalemba pa komputadori kudzera pa intaneti. Makinawo amakufunsa mafunso, tsamba ndi tsamba, iwe n'kumayankha m'timabokosi, kenako umajambula mapepala ako n'kuwatumiza momwemo. Palibe nkhope yoti uione ngati yakumvetsa. Ukasiya kabokosi kamodzi, tsamba lotsatira silitseguka.

Ndinakonzekera monga mumandidziwira. Ndinagula chikwama cha mapepala, ndinaika chilichonse m'thumba lakelake la pulasitiki: satifiketi, chiphaso cha unzika chija timati B.I., zithunzi, ndi sedula yake, kabuku ka ubadwa kaja munkakasunga m'chitini cha masikono. Chinatsala ndi kalata ya kumudzi yotsimikiza kuti mwanayo ndi wa banja losauka. Telma anakaitenga yekha kwa a sekeretariyo a m'mudzi mwathu pa tchuthi cha Khirisimasi. Bambo aja ndi a mtima wabwino, paja ankakutchulani kuti apongozi pocheza. Analemba zonse zomwe akudziwa: kuti Telma ndi mwana wa malemu mchemwali wanga Rosita, kuti mayi ake anamwalira iye ali wakhanda, kuti bambo ake anapita ku minda ya fodya cha ku Chidzolomondo osabweranso, ndi kuti analeredwa ndi agogo ake, amenenso anamwalira. Anadinda chidindo. Ndinaiwerenga katatu kalatayo, ndinaona kuti deti lili bwino, chidindo chikuoneka, ndinaiika m'thumba lake. Chilichonse cholembedwamo chinali choona, ndiye sichinandibaye.

Loweruka masana tinapita ku ofesi ya pasukulu, kumene kuli makina. Rede, netiweki ya intaneti ija, inkaduka ndi mvula, timayamba tsamba, n'kubwereranso poyambira. Tinafika pa tsamba lachitatu, la makolo. Funso loyamba linali lakuti mayi ali moyo kapena anamwalira. Telma sanaganize n'komwe, anasankha kuti anamwalira. Pansi pake panatseguka timabokosi tiwiri. Kena kankafuna dzina la mayi monga lilili pa sedula. Kena kankafuna pepala la boma la imfa yawo. Mwanayo anatsegula sedula kuti akopere bwino, kenako manja ake anaima. Anandiyang'ana.

Pa sedula paja pali dzina langa, Amayi. Inu mukudziwa chifukwa chake.

Telma anali ndi zaka zisanu. Anthu a rejisto, olemba ubadwa wa ana, ankayenda m'midzi ndi mabuku awo, ndipo anaika tebulo pakhonde la sukulu ya kwathu. Ine ndinali nditabwera pa tchuthi, chaka changa choyamba cha ntchito. M'mawa wa tsikulo tikusenda nyemba pabwalo, munandiuza kuti ndikaime ine ngati mayi wa mwanayo. Mawu anu ndikuwakumbukira onse. Munati: “Ku Malawi anatilemba kuti othawa nkhondo, ndipo tinakhala othawa mpaka tsiku lobwerera. Chimene akulemba ndicho umakhala. Mwana uyu asalembedwe wamasiye.” Ine ndinayesa kunena zomwe anatiphunzitsa ku instituto, sukulu ya uphunzitsi ija, kuti kunama pa buku la boma ndi mlandu. Inu munaseka. Munandifunsa ngati ine ndi Rosita sitinatuluke m'mimba imodzi n'kuyamwa bere limodzi, ndipo ngati ndi choncho, bodza lili pati. Munaonjeza kuti mayi wa ntchito ya boma ndi mpanda, mwana wokhala mkati mwake palibe angamuponde.

Ndinapita, ndinatchula dzina langa, ndinasaina. Pa dzina la bambo anangolemba mzere. Nditabwerera kuntchito ndinamulembanso Telma m'faelo yanga ngati mwana wanga woyamba. Pamudzi palibe amene anaona chachilendo. Telma yemwe anakula akudziwa manda a Rosita, akumapita nanu kukalambula, n'kumanditchula ine Amayi, ndipo ziwirizi sizinayambe zalimbanapo mumtima mwake. Zaka zonsezi sukulu zakhala zikukopera dzina langa kuchokera pa sedula kupita pa pepala lina, popanda wofunsa ngati mwini dzinalo ali moyo.

Makina aja ndi amene afunsa. Tisanasankhe kanthu, rede inadukanso yokha.

Ndikufotokozereni mmene zinaliri, monga ndinazilembera pa pepala madzulo a tsikulo, njira ndi njira. Tikanena kuti mayi ali moyo, ndiye kuti mayiyo ndine, mphunzitsi wolandira malipiro a boma. Kalata ya a sekeretariyo iyenera kuchotsedwa chifukwa ikutsutsana ndi zimenezo, ndipo Telma apita kumbuyo kwa mzere, kumene bolsa sifika. Tikanena kuti mayi anamwalira n'kulemba dzina la pa sedula, ndiye kuti wamwalirayo ndine. Musaseke, Amayi. Ife antchito a boma chaka ndi chaka timapita kukaonetsa nkhope ndi kudinda chala kuti tikadali moyo, ndipo anzanga akuti makina a maofesi masiku ano amauzana nkhani. Tikalemba dzina la Rosita, palibe pepala ndi limodzi lomwe lonena kuti anabereka mwana, ngakhale lonena kuti anamwalira. Anatsirizikira m'nyumba mwanu, tinamuika mawa lake, ndipo palibe amene anaganiza zotsikira ku boma kukanena. Kwa boma, Rosita akadali moyo kwinakwake, alibe mwana. Pansi pa tsamba lomaliza pali kabokosi kolumbirira kuti zonse walembazo ndi zoona, ndi kuti wonama adzalandidwa bolsa n'kuyankha mlandu.

Ndinaimbira achimwene a Bonifasio, popeza ndiwo amalume a mwanayo. Anali kumunda, ndinkamva mpope wopopera ukulira. Anati ndisankhe kabokosi komwe kali ndi chakudya, basi, ndipo anandifunsa kuti ndi bwana uti wa ku Tete angakwere phiri la Tsangano m'matope ano kudzawerenga manda athu. Anatinso vuto langa ndi sukulu, kuti ndinawerenga mabuku mpaka ndinayamba kuopa mapepala kuposa njoka. Mwina akunena zoona. Koma iwo sanasaine.

Lachiwiri ndinapita ku ofesi ya rejisto ngati wodutsa. Mlembi wa pamenepo mwana wake ali m'kalasi mwanga. Ndinamuuza kuti pali mnzanga wina amene analembetsa mwana wa malemu mchemwali wake ngati wake, kalekale, ndipo akufuna kudziwa ngati zingakonzedwe. Anandimvetsera mwaulemu, akusanja mapepala ake. Anati zimakonzedwa, koma osati pa tebulo lake. Ndi nkhani ya ku bwalo la milandu, imafuna mboni, imatenga miyezi, ndipo amene anasaina ayenera kufotokoza yekha chifukwa chake anasaina. Ngati ndi wantchito wa boma, akuluakulu ake amadziwitsidwa. Ndikutuluka anandiitana, n'kunena motsitsa mawu kuti: “Aphunzitsi, mnzanuyo mumuuze kuti akayambe yekha kunena, asadikire kuti amupeze.” Sanandiyang'ane kumaso.

Mboni zake ndi ndani, Amayi? Inu mwapita. Azamba amene anamulandira Telma anapita kale. A Nachisale, amene anasambitsa thupi la Rosita, masiku ano sazindikira ngakhale ana awo, amangokhala pakhonde kufunsa ngati galimoto yobwerera kwathu kuchokera ku Malawi yafika. Atsala ndi achimwene, ndi a sekeretariyo.

Masiku amenewo Telma sankalankhula zambiri. Ankatunga madzi, kuphika, kuchapa, zonse mwachangu ngati mlendo woopa kulemetsa eni nyumba. Lachinayi ndikuchokera kusukulu ndinamupeza atakhala pakhomo, chikwama cha mapepala chili pamiyendo. Anati waganiza. “Amayi, lembani kuti muli moyo. Ine sindingakupheni pa makina chifukwa cha sukulu. Ndikalima ndi amalume chaka chino, mwina chaka cha mawa.” Ananena akumwetulira, kuti ndisaone kanthu. Koma ine ndaphunzitsa ana ambiri amene anati chaka cha mawa. Ndimakumana nawo pamsika atabereka ana kumbuyo, akugulitsa tomato, ndipo amandipatsa moni mwamanyazi ngati anandilakwira.

Tsiku lotseka kupempha bolsa linali Lachisanu. Ndinapempha kiyi wa ofesi nthawi yopuma masana. Telma anaima kumbuyo kwanga. Pa funso lija ndinasankha kuti mayi anamwalira. Pa dzina ndinalemba la Rosita, lonse, monga munamubatizira. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kulemba dzina la mchemwali wanga pa pepala la boma. Pamene pankafunika pepala la imfa ndinaikapo kalata yanga ya tsamba limodzi, yomwe ndinailemba kanayi isanandikhutiritse. M'menemo ndinanena kuti dzina la pa sedula ndi langa, kuti sindine amene ndinabereka mwanayo, kuti ndinasaina ndikudziwa, ndi kuti mwanayo anali ndi zaka zisanu ndipo alibe mlandu. Ndinasaina, ndinaika nambala ya B.I. yanga. Telma anandigwira phewa kuti ndisatumize. Ndinachotsa dzanja lake, ndinadina. Kachizindikiro kanazungulira nthawi yaitali, ine ndikupemphera theka kuti zipite, theka kuti rede iduke. Zinapita.

Ndiye ndachita chomwe munakana, Amayi. Ndamulemba mdzukulu wanu kuti ndi wamasiye. Ndakhala ndikudzifunsa ngati mukanandikalipira. Nthawi zina ndimaona kuti mukanati ndagwetsa mpanda womwe munamanga. Nthawi zina ndimakumbukira kuti inu nomwe, tsiku lomwe tinawoloka malire kubwerera kwathu, munang'amba chiphaso cha othawa chija pamaso pathu n'kunena kuti chagwira ntchito yake. Sindikudziwa kuti ndi Amayi ati mwa awiriwa amene akanandiyankha.

Papita masabata atatu. Anzake awiri a Telma amene analemba sabata imodzimodziyo ayankhidwa kale, wina amuvomera, wina amukana. Tsamba la Telma likungonena mawu awiri achipwitikizi, em análise, kutanthauza kuti akuunikabe. Ndimaliyang'ana m'mawa, nthawi yopuma, ndi poweruka. Silisintha. Munkati mvula ikakuona litsiro sikata. Sabata yatha a direkitori a sukulu yathu anandiuza poseka kuti akuluakulu a ku boma apempha mafaelo a aphunzitsi, ndi zachizolowezi chabe, ndisayambe kuonda nazo. Ndinaseka nawo. Mawa lake ndinalowa mu ofesi kukatenga choko, ndinayang'ana pa shelefu. Mafaelo onse ali m'malo mwake, kupatula imodzi, yanga. Ndinawerenga katatu.

Dzulo pa telefoni ya Telma pabwera uthenga. Akuti wopemphayo akaonekere ku ofesi ku Tete Lolemba m'mawa, ndi mapepala ake onse enieni, pamodzi ndi munthu amene walembedwa kuti mayi pa sedula. Palibe moni, palibe dzina la wolemba. Sananene ngati akutiitana kuti atithandize kapena kuti atifunse. Ndauwerenga mpaka ndauloweza, ndipo sindikupezamo mbali yomwe wapendekera.

Ndinaimbiranso achimwene. Poyamba anati iwo ndi maofesi samwerana madzi, ndipo kachewere sangamusiye pa nthawi ino. Patapita nthawi anapuma mwamphamvu, n'kunena kuti atsika kudzera ku Ulongwe ngati milatho ilipo, tikakumane ku Tete, koma ndisayembekeze kuti avala tayi. A sekeretariyo akuti alemba kalata ina yofotokoza kumene kuli manda. Kaya anthu a ku ofesi amawerengera manda opanda pepala, sindikudziwa.

Tinyamuka Lamulungu ndi shapa, minibasi yoyamba kuchoka, chifukwa msewu wawonongeka ndipo akuti magalimoto akumagona panjira. Ndasita malaya a Telma ndi anga. Mapepala ndawakulunga m'mapulasitiki awiri. Ana ndawasiya m'manja mwa bambo awo, ndawalembera zoti adye tsiku ndi tsiku, ngakhale akuti ndikuchita ngati ndikupita kundende.

Lero m'mawa tikupachika zochapa m'khonde, Telma anandifunsa funso lomwe sindinalikonzekere, ine wokonzekera zonse. Anati: “Nanga tikakalowa muja, akakandifunsa kuti awa ndi ndani, ndikati chiyani? Ndikakutchulani kuti Amayi, sakanena kuti tikunamabe?” Ndinafinyanso malaya omwe ndinali nditawafinya kale. Ndinamuuza kuti akanditchule monga wakhala akunditchulira kuyambira pamene anaphunzira kulankhula, zina zonse ndikafotokoza ine. Anagwedeza mutu. Koma chiyambire m'mawa ndaona kuti akafuna kundiitana akumayamba wakhosomola, kenako n'kulankhula popanda dzina.

Sindikudziwa chomwe chikutidikira Lolemba. Mwina akamupatsa bolsa ine n'kundichotsa ntchito. Mwina akatimana zonse ziwiri. Mwinanso tikapeza munthu wobadwira kumudzi ngati kwathu, amene agogo ake anachitapo zomwezi. Ndilibe mphamvu pa zimenezo. Chomwe ndingakulonjezeni ndi ichi. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye pakhomo la ofesi ija ndikalowa ndine poyamba, mwana akhale kumbuyo kwanga. Akakandifunsa amene anandituma, sindikatchula dzina lanu. Inu munalankhula pabwalo lanu, kwa mwana wanu, chifukwa cha chikondi. Amene anagwira cholembera ndine. Ndipo sindikatuluka m'chipinda chimenecho asanandiuze, munthu ndi pakamwa pake, ngati Telma apita kusukulu kapena ayi.

Mumuuze Rosita kuti mwana wake watalika kumuposa, ndipo dzina lake tsopano lalembedwa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Anastazia